Nyumba ya Achemwali Sitinaigwetse

Lachiwiri lapitali ndinali kwathu, kuseri kwa Masambanjati, kumene ndinabadwira. Tinali kumeta maliro a achemwali anga a Fanesi. Mwinimbumba amene watsala ndine, choncho mawu omaliza anali anga.

Mwambo wathu mukuudziwa. Mwini nyumba akamwalira, nyumba yake imagwetsedwa. Denga timasasula, zipupa timakankha. Ndinaona zimenezi pa maliro a agogo, ndinaonanso pa maliro a amayi. Palibe ankafunsa chifukwa. Mitengo inalipo, udzu unalipo, malo analipo. Wofuna nyumba ankangosuntha pang'ono n'kuyamba kuzika nsichi.

Achemwali asiya ana aakazi anayi. Atatu ali pamudzi pomwepo ndi amuna awo. Wachinayi, Esinati, anakwatiwa ku Ndirande. Mwamuna wake anamwalira chaka chatha, ndipo iye anabwerera ndi ana atatu ndi chikwama chimodzi. Ndiye wakhala akudwazika amayi ake, akugona m'nyumba yomweyo.

Tisanamalize n'komwe kumeta, ndinaona a Namaona, mwamuna wa Elube, mwana woyamba wa achemwali, ataimika kale makwerero pakhonde.

"Akulu, dzuwa likukwera. Tiyambe ndi denga?"

"Changu n'cha chiyani?"

"Mwambo, akulu."

"Mwambo mwaudziwa liti inu, amene mumafika kumanda chipewa chili kumutu?"

Anthu anaseka. Elube sanaseke. Anagwada n'kunena mosapsatira.

"Atsibweni, tisanamizane. Pamene pali nyumbapa patuluka mizere isanu ndi umodzi. Dothi lake n'lonona, ladya phulusa zaka makumi atatu. Ine ana ndili nawo asanu ndi awiri. Chimanga changa chimatha mwezi wa Okutobala."

Esinati anali pakhomo, mwana kumsana.

"Ndiye ine ndigone mumzere? Mundibzale ngati chinangwa?"

"Iwe unasankha tauni."

"Ndinasankha mwamuna, achemwali. Tauni sinandifunsire mbeta."

Ndinawauza kuti akhale chete. Ndinatenga ndodo yanga n'kupita kumunda ndekha.

Mundawo ndikuudziwa ngati chikhatho changa. Unali wa amayi. Unkayambira kumtsinje mpaka pathanthwe, ndipo sitinkaumaliza. Mbali ina inkagona tsala zaka ziwiri kapena zitatu, ife n'kumakatchera mbewa. Amayi anaugawa patatu, kwa ana awo aakazi. Gawo la achemwali a Fanesi lagawidwanso panayi. Ndinawerenga mizere ndi ndodo. Aliyense yake khumi ndi inayi, yaifupi. Mbuzi mukaimanga ndi chingwe chachitali imadya minda ya anthu atatu.

Ndinafunafuna poti Esinati angamange. Kumtsinje alima mpaka m'madzi. Pathanthwe pali kale nyumba ziwiri. Njira yopita kuchitsime, imene kale inkadutsa ngolo, lero munthu wosenza ndowa amayenda chammbali. Malo panalibe.

Elube sananame. Esinati sananame. A Namaona nawonso si munthu woipa, ndi munthu wa njala. Mlandu wovuta ndi umenewo, woti onse akunena zoona.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4. Koma ndakhala kapitawo paesiteti zaka makumi atatu, ndipo pali chinthu chimodzi chimene sindifunikira mphunzitsi kuti andiuze. Mukaonjezera othyola pamzere umodzi wa tiyi, tiyiyo sachuluka. Amapepuka ndi madengu.

Chaka chatha kunabwera a kalembera, akulemba ndi choko pazitseko. Wailesi inati tapitirira mamiliyoni khumi ndi atatu. Pamene anatiwerenga koyamba titangolandira ufulu, tinali mamiliyoni anayi. Ndinalipo nthawi zonse ziwirizo. Dziko ndi lomwe lija. Kodi alipo amene anamva kuti Malawi waonjezeredwa ekala imodzi?

Komanso si paliponse pamene padzaza chonchi. Ndili mnyamata ndinakwera lole yonyamula mbande za tiyi kupita kumpoto. Pa Viphya tinayenda mtunda wautali osaona nyumba, osaona utsi. Ndinaganiza kuti anthu athawa nkhondo. Kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, ukatsokomola m'nyumba mwako, mnansi amakufunsa ngati wamwa mankhwala.

Tinadzaza bwanji? Makolo athu anachoka ku Mozambique, mitolo pamutu, kuthawa nkhanza. Anaima kuno chifukwa kunali mvula ndi ntchito. Anagwira thangata kuti apeze pogona. Malo abwino anali kale a tiyi, ife tinapanikizana m'mapiri ndi m'mphepete. Kenako kunabwera zipatala ndi katemera. Amayi anabereka ana asanu ndi anayi, anaika m'manda asanu. Achemwali a Fanesi anabereka asanu ndi atatu, anaika mmodzi. Chimenecho n'chabwino, ndipo ndimathokoza Mulungu. Koma ife tikuberekabe ngati anthu amene akuyembekeza kuika asanu.

Sindikuloza ena chala. Ine ndili ndi ana khumi. Ndinkanyadira pamzere wolandira malipiro, anzanga akundiitana kuti tonde. Akuluakulu anati kuchulukana n'kwabwino, kuipira kutha ndiwo m'mbale. Mwambiwo ndinkaukonda theka lake loyamba.

Anyamata a masiku ano amaloza tiyi kutsidya kwa msewu. Amati, "Madala, malo ndi awo. Mukulimbirana mizere isanu ndi umodzi pamene uko kwabiriwira mpaka kumapeto kwa maso?" Sindiwatsutsa. Msana wanga ukudziwa zimene tiyi anatenga. Ngati pali maekala ongogona, akulu a boma akambirane, anthu alime. Koma ndimawafunsa mafunso awiri. Mukagawana lero, zidzukulu zanu zidzagawana chiyani? Nanga amayi anu amene amathyola, kumapeto kwa masabata awiri adzalandira kuti? Amandiyang'ana ngati ndagulidwa. Sindinagulidwe. Ndaona munda wa amayi anga ukusanduka nsanza ine ndili moyo.

Ena asamukira ku Mangochi ndi ku Machinga, kumene boma likuthandiza anthu kupeza malo. Mabanja awiri a kufupi ndi kwathu anapita. Limodzi lakhazikika, likutumiza nandolo. Lina linabwerera mvula isanagwe kawiri. Mkazi anati sangakhale kutali ndi manda a amayi ake. Ndimamumvetsa. Kwathu kuno mwana wamkazi ndiye mwini dothi, mwamuna ndi mlendo. Mwambo umenewo unasunga alongo athu kuti asavutike. Lero womwewo ukuunjika ana aakazi onse pakachigamba kamodzi, aliyense ndi mkamwini wake. Ndani adzayambe kuuza mwana wake wamkazi kuti, pita ukazike nsichi kwina, si kukutaya ayi?

Nditabwerako kumunda ndinapeza onse akudikira.

"A Namaona, kwerani," ndinatero. Anakwera mwachangu. "Zulani mtolo umodzi wa udzu. Umodzi basi. Tsikani."

Anatsika, udzu uli m'manja, akundiyang'ana.

"Umenewo tikautentha kumphambano. Chitseko chichotsedwe, aike china. Azimayi azire pansi ndi dothi latsopano. Nyumba ya achemwali yagwa pamenepo. Imene yatsalayi ndi ya Esinati."

"Nanga mizimu ikakwiya, akulu?"

"Ibwere kwa ine. Achemwali ndakula nawo. Sangatulutse mwana wawo panja chifukwa cha chimanga cha dengu limodzi."

Esinati analira. Ndinamuuza kuti asiye, maliro tameta kale.

Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Koma pondiperekeza kumsewu, Elube anandinyamulira chikwama. Sanakwiye. Anayenda kumbuyo kwanga mpaka pamene timadikirira minibasi, ndiye anati:

"Atsibweni, mwaweruza, ndamva. Esinati ndi m'bale wanga, akhale. Koma ine ana aakazi ndili nawo anayi, iye awiri, enawo asanu. Wamkulu wanga amufunsira kale. Tsiku lawo logawana likadzafika, inu kudzakhala kulibe. Mizere khumi ndi inayi ndidzaidula bwanji panayi? Mundisiyire mawu."

Ndaweruza milandu ya mbumba zaka zambiri, ndipo sindinasowepo chonena. Tsiku limenelo minibasi itafika ndinakwera ndi funso lake.

Inu amene mumadziwa kuwerenga kuposa ine, Elube ndikamuuze chiyani?