Zimene Zimabwera Pambuyo pa "Kungoti"

Lachinayi lapitali ndinayenda wapansi kuchokera pakati pa tauni mpaka pamene msewu umayamba kutsikira ku Mbayani. Kumeneko si kwathu. Ine ndimakhala ku Soche. Ndinali kuperekeza mnzanga wa kuntchito. Kufikira lero mtima sunakhale pansi. Ndiloleni ndikufotokozereni chifukwa chake, pakuti ndikukhulupirira kuti nkhaniyi si ya ofesi yathu yokha.

Ndimatsogolera gulu laling'ono pa kampani ina yopanga mapulogalamu a pakompyuta ndi a pafoni. Chaka chino akuluakulu anabweretsa kagwiridwe kantchito katsopano, kamene odziwa amakatcha ajayilo. Mfundo yake ndi yomveka, ndipo ine ndimagwirizana nayo. M'malo mobisala miyezi yambiri n'kudzatulukira ndi chinthu chachikulu chimene palibe akuchifuna, mumapanga kachigawo kakang'ono, n'kukapereka kwa anthu, n'kuona pamene pakulakwika, n'kukonza. M'mawa uliwonse timakumana mwachidule tili chiimire, kuti wina asatalikitse nkhani. Aliyense amanena zimene anachita dzulo, zimene achite lero, ndi chimene chikumutchinga. Akamaliza, ine ndimaloza wotsatira.

Ntchito imene tili nayo panopa ndi ya mauthenga a pafoni okumbutsa anthu amene amalandira mankhwala otalikitsa moyo kuti tsiku lawo lopita ku chipatala layandikira. Lolemba tinatumiza uthenga woyamba kwa kagulu koyesera. Unali waufupi: "Musaiwale kudzatenga mankhwala anu sabata ino." Wachiwiri unayenera kupita Lachisanu m'mawa, ndipo umenewo tinauwonjezera dzina la wodwala ndi la chipatala, poganiza kuti munthu akaitanidwa ndi dzina amamvera msanga. Tinadziyamikira ndithu.

Lachiwiri m'mawa tinaimirira monga mwa nthawi zonse, ndipo mwini kampani, a Tembo, anabwera kudzaima nafe. Yamikani, amene amalemba pulogalamu yotumiza mauthengawo, anali wosangalala.

"Zikuyenda, bwana," anatero. "Onse afika. Palibe ngakhale umodzi wotsalira pa siteji."

Tinaseka. Kenako ndinaloza a Loveness, amene ntchito yawo ndi kuyesa chilichonse chisanapite kwa anthu.

"Zikuyenda, bwana," anatero iwo. "Kungoti..."

Anayang'ana a Tembo, n'kuyang'ana pansi. Ine ndinayang'ana wotchi.

"Pali chokutchingani?" ndinafunsa.

"Ayi, chonditchinga palibe."

"Chabwino, zinazo tikambirana pambuyo."

Pambuyo pamenepo sipanafike. Lachitatu zinachitikanso chimodzimodzi: "zikuyenda" womveka bwino, "kungoti" wa pansi pa lilime, chala changa n'kupita kwa wina.

Lachinayi poweruka ndinawapeza a Loveness ataima pakhomo, chikwama chili paphewa.

"Bwana, lero simutiperekezako pang'ono?" anatero akumwetulira. "Kapena a ku Soche simupondako fumbi la kwathu?"

Munthu amene amayenda msewu womwewo m'mawa ndi madzulo safuna womuperekeza. Ndinazindikira kuti pali nkhani. Tinayamba ulendo. Anandifunsa za ana. Ndinawafunsa za mayi awo ku Nsanje, amene akuvutika ndi mwendo. Tinadandaula za madzi amene amabwera pamene afunira. Titadutsa ogulitsa chimanga chowotcha, mawu awo anatsika.

"Bwana, pa nyumba zimene ndimachita lendi pali mayi wina, khomo lake n'loyang'anana ndi langa. Timatunga pampopi umodzi. Lolemba madzulo amuna awo anagogoda kwanga, foni ili m'manja. Akuti, 'Asisi, inu a makompyuta, tandiuzeni. Mankhwala anji amene akuti ndikatenge? Ine sindidwala.'"

Ndinaima chilili pakati pa njira. Wa njinga wina anandizemba movutikira. "Madala, msewuwu si pabalaza panu!" anakuwa.

"Foni ndi imodzi pakhomopo," a Loveness anapitiriza. "Nambala imene mayiwo analembetsa ku chipatala ndi yomweyo, koma foni imapita ndi bambo ku msika. Mayiwo anali ataima kumbuyo kwa amuna awo, mwana ali kumsana, akundiyang'ana. Bwana, maso aja sindidzawaiwala. Bamboyo sadziwa kanthu. Ndipo ndi munthu wa dzanja lofulumira. Tonse pamalopo timamva zikamachitika."

"Ndiye munawayankha chiyani?"

"Ndinanama. Ndinati mauthenga otere amangogwera aliyense, ngati aja otsatsa nyimbo. Anaseka, akuti, 'Akuba awa.' Koma mawa ukubwera wa dzina, bwana. Pamenepo ndidzanama chiyani?"

Ndinafunsa funso limene mtsogoleri aliyense amafunsa akachita mantha. "Bwanji simunanene Lachiwiri?"

"Ndinayamba. Munaloza wina." Kenako anawonjezera: "Komanso nkhani ya mayi wa eni ake ndiikambe nditaimirira, anthu onse akundiyang'ana, a Tembo ali pomwepo, inu mukuyang'ana wotchi? Kwathu nkhani yotere timayamba takhala pansi."

Pomwepo ndinaimbira Yamikani kuti aimitse uthenga wa Lachisanu. Kenako ndinaimbira a Tembo. Si munthu woipa, koma anali atalonjeza amene anatipatsa ntchitoyi.

"Tinanena Lachisanu," anatero. "Kodi njira yathu si yakuti tiyese, tikalakwitsa tikonze?"

"Pulogalamu tikonza, bwana," ndinayankha. "Nanga mayiyu akamenyedwa n'kuthamangitsidwa ndi mwana, tikonza ndi chiyani?"

"Imitsani," anatero.

Tsopano, awerengi okondedwa, tiyeni tiione bwino nkhaniyi, chifukwa n'kosavuta kuloza chala pamalo olakwika.

Wina anganene kuti vuto ndi kagwiridwe kantchito katsopanoka. Sindivomereza kwathunthu. Tikanatsata njira yakale, tikanatumiza uthenga wa dzina kwa anthu onse tsiku limodzi, ndipo tikanamva zotsatira zake kuchokera kwa anamwino kapena kwa apolisi. Kuyamba ndi kagulu kochepa kunatithandiza. Koma ndiyenera kunena zoona: chimene chinatipulumutsa si msonkhano wathu wa m'mawa. Chinatipulumutsa n'chakuti khomo la a Loveness linangopezeka loyang'anana ndi la mayi uja. Umenewo ndi mwayi chabe, ndipo ntchito yokhudza miyoyo ya anthu siyenera kudalira mwayi.

Nanga msonkhanowo unalephera pati, pamene cholinga chake chenicheni n'chakuti mavuto aziwululika msanga?

Taganizirani mmene timalankhulira ife. Munthu ali gone pa bedi la chipatala, botolo la madzi likulendewera, mukamufunsa amati, "Ndili bwino, kaya inu?" Mlamu wanu akachokera ku Chikwawa ndi nkhani yovuta, sayamba nayo pakhomo. Amakhala pansi, amamwa madzi, amafunsa ana mmodzimmodzi, amanena za mvula. Nthawi zina amatsanzika n'kutsanzika komwe, ndipo nkhani imene inamuyendetsa imatuluka mukumuperekeza ku siteji. Kumeneku si kuzengereza ayi. Ndi kuyesa kaye ngati womverayo ali ndi malo oikapo katundu amene akufuna kumutula. Kwa ife "zikuyenda" ndi moni. Nkhani imayambira pa "kungoti."

Msonkhano woimirira umadula ndendende pamene nkhani ikuyambira. Umatenga moni n'kuulemba ngati lipoti. Ndipo mtsogoleri amabwerera pa mpando wake ali wokhutira kuti gulu lake lilibe vuto, pamene wangomva anthu akupatsana ulemu.

Pali chinanso, chimene chandisowetsa tulo kwambiri. Funso limene timafunsa ndi lakuti, "N'chiyani chikukutchinga?" A Loveness anayankha zoona: palibe chinali kuwatchinga. Ntchito yawo inali kuyenda. Mauthenga anali kufika pa nthawi yake, opanda cholakwika n'chimodzi chomwe m'kalembedwe. Tsoka linali pomwepo, pakuti pulogalamu inagwira bwino ntchito. Mafunso athu onse atatu amafunsa za ife: ndachita chiyani, ndichita chiyani, chikundivuta n'chiyani. Palibe limene limafunsa za munthu amene ali kutsidya linalo la foni. Tinamanga zonse poganiza kuti nambala imodzi ndi munthu mmodzi, chifukwa muofesi mwathu aliyense ali ndi foni yake, ena ziwiri. Komatu tonsefe tili ndi abale amene timawaimbira pa foni ya amuna awo, ya mwana wawo, kapena ya mwini golosale. Tinkazidziwa. Tinangozisiya panja polowa muofesi, monga mmene munthu amasiyira nsapato zamatope pakhomo.

Ndipo mawu akuti "tilakwitse msanga kuti tiphunzire msanga" amakoma kwa amene akuphunzirayo. Ife tikalakwitsa timasuntha kapepala kolembapo ntchito pakhoma la muofesi, sabata yotsatira n'kuyambiranso. Koma cholakwacho chimagwera munthu amene sanapemphe kukhala phunziro lathu. Kuthamanga si kufika, anatero akale, ndipo ine ndiwonjezere kuti wothamanga saona amene wamuponda.

Musaganize kuti izi ndi za a makompyuta okha. Misonkhano yachidule yafika paliponse: m'mabanki, m'masukulu, m'mabungwe, ngakhale m'makomiti a mpingo. Paliponse pali mtsogoleri amene wauzidwa kuti nthawi ndi yochepa, ndipo paliponse pali wina wamng'ono pa udindo amene waona chinthu koma akudikira kuti apatsidwe mpando. Mauthenga a pafoni nawonso achuluka: zotsatira za mayeso, za kuchipatala, za milandu. Kodi amene amawatumiza anayamba adzifunsa kuti foniyo ili m'thumba la yani nthawi imene ikulira?

Sindikunena kuti tibwerere ku misonkhano yotha tsiku lonse, imene munthu ankatulukamo ataiwala chimene analowera. Ndikunena kuti njira yobwereka iyenera kuphunzira chilankhulo cha pamalo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mtsogoleri amene akufuna kudziwa zoona za ntchito yake ayenera kuphunzira kumva liwu laling'ono lija, kutsitsa chala, ndi kupeza mpando. Ngati mpando palibe, avale nsapato aperekeze.

Lachisanu m'mawa sitinaimirire. Tinakokera mipando pamodzi, a Tembo anatisiya tokha, ndipo tinayamba ndi kufunsana za kunyumba. Nkhani zimene zinatuluka pambuyo pake zinandiopsa kuposa ya Lachinayi, chifukwa zinaonetsa kuti aliyense anali ndi "kungoti" wake. Ngakhale Yamikani wa nthabwala uja anati azakhali ake ku Chigumula amawerengeredwa mauthenga ndi mwana wa neba. Tinagwirizana kuti palibe uthenga udzapitenso mpaka munthu aliyense atafunsidwa payekha, ku chipatala komweko, ngati akuufuna ndiponso mawu amene akufuna kuti ukhale nawo.

Zimenezo n'za kutsogolo. Za Lolemba sizingabwezedwe.

Uthenga woyamba uja unapita kwa kagulu konse, ku Mbayani, ku Chigumula, ku Limbe ndi kwina. Pa kompyuta yathu nambala iliyonse ili ndi chizindikiro chobiriwira chosonyeza kuti unafika. Chizindikirocho sichinena kuti unafika m'manja mwa yani, kapena chimene chinachitika chitseko chitatsekedwa. Makomo enawo sakuyang'anana ndi la a Loveness.

Ngakhale khomo limodzi limene tikulidziwa silinandipatse mtendere. Poweruka Lachisanu ndinawafunsa a Loveness za mayi uja.

"Ali bwino, bwana," anatero. "M'mawa tinakumana pampopi."

Nthawi ino sindinasunthe. Ndinadikira.

"Kungoti bamboyo uthenga uja sanaufufute. Dzulo anandiimitsa panjira, akuti, 'Asisi, akuba aja sanatumizenso. Koma ndikaonetsa mnzanga wina amene amagwira ku chipatala, andiuze bwinobwino.'"

Pamene ndikulemba izi sindikudziwa ngati wapita kale kwa mnzakeyo. Tadziwitsa a chipatala kuti amufikire mayiyo mwakachetechete, ndipo foni yanga ikalira ndimayamba ndayang'ana dzina ndisanayankhe.

Inu amene mumatsogolera anzanu, mawa m'mawa mudzaimanso patsogolo pawo, wotchi ili padzanja. Onse adzakuuzani kuti zikuyenda, ndipo sadzakhala akunama. Koma sabata yathayi, ndani anati "kungoti," inu n'kuloza wotsatira?