Mchenga wa mumtsuko wa ababa

Fungo la masamba a bulugamu limandisowetsa mtendere mpaka lero. M'mawa uno mnzanga wogona naye chipinda chimodzi wawiritsa masambawa chifukwa cha chimfine, ine ndangotuluka panja.

Chaka cha korona ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala ku Matawale. Ababa ankadwala shuga. Kuchipatala anawapatsa mankhwala obaya a miyezi itatu kuti asamapitepiteko, poti mliriwo unkatenga kwambiri anthu a shuga. Tinalibe firiji, choncho timabotolo tawo tinkakhala mumtsuko wa mchenga wonyowa kuti tizizizira. Sukulu zitatsekedwa, ntchito yothirira mchengawo inali yanga.

Tsiku limenelo mpopi sunatulutse ngakhale dontho. Amayi anali atangomaliza kuwafunditsa bulangete ababa kuti apume nthunzi ya mumphika wa masamba a bulugamu, amene anagula kwa azimayi otsika ndi nkhuni kuphiri. Ndinakhudza mchenga, n'kupeza wauma. Ndinazungulira nyumba yonse, ndowa zili zopanda kanthu. Basi, ababa atathana nawo, ndinanyamula mphika wa masamba uja, nthunzi ikufukabe, n'kukhuthulira mumtsuko.

"Iwe mwana, wachita chiyani?" anakuwa amayi, akufukula mchengawo ndi manja, zala zikupsa.

Ababa sanandikalipire. Anatenga kabotolo kamodzi n'kukayang'anitsitsa pawindo. Mkati munkayandama timibulu toyera. Anatenga kachiwiri, kenako kachitatu. Tonse chimodzimodzi.

"Musapiteko kuchipatala, bambo ake, anthu akufa kumeneko," anatero amayi.

Ababa anayang'ana ine, kenako nsapato zawo.

"Mwananga, kanditengere masiki yanga pachingwepo."