Mchenga wa Anthu a Pamwamba

M'nyumba yathu yosanjikizana muli mabanja khumi ndi awiri, atatu pansanjika iliyonse. Banja lililonse linagula khomo lake, koma masitepe, denga, bwalo ndi mapaipi ndi zathu tonse. Ine ndimakhala pansanjika yachiwiri, ndipo ndine mlembi wa komiti ya eni makomo. Udindowu anandipatsa chifukwa pamsonkhano sindiyankhula kwambiri.

Amene amakhala kunsi kwanga timawatcha Mayi a Pansi, ngakhale kuti pansipo pali makomo atatu. Enawo amalawirira kuntchito, amene amapezeka ndi iwo. Ndi mayi wamasiye wazaka makumi asanu ndi limodzi, wamfupi, wamikono yolimba. Anagwira ntchito zaka makumi awiri m'chipinda chochapira cha chipatala china, ndipo mpaka lero akamapinda nsalu amalinganiza ngodya zake ngati kuti kukubwera woyendera. Khomolo anagula ndi malemu amuna awo, amene anali dalaivala wa basi. Anasankha pansi dala kuti akadzakalamba asamavutike ndi masitepe. Bambowo ukalambawo sanaufike. Mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa kutali, Mayi a Pansi n'kutsala okha ndi khitchini imene ili kumapeto kwa mapaipi a anthu onse.

Madzi otsukira mbale a nyumba yonse amatsika m'paipi imodzi n'kugwera m'kadzenje kasimenti kamene kali kuseri, pafupi ndi chitseko cha khitchini yawo. Kadzenjeko kali ndi chivundikiro chachitsulo cholemera ngati theka la thumba la simenti. Kakatsekeka, madzi sabwerera m'mwamba kwa eni ake. Amafuna potsika, ndipo potsika kwambiri ndi pakabowo kamene kali pansi pa sinki ya Mayi a Pansi.

Chimene chimatseka kadzenjeko ndi mchenga. Ambiri a ife tinakulira m'nyumba za bwalo, kumene poto amamukwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka uzidzionera nkhope, madzi ake n'kuwakhuthulira patsinde pa mtengo. Tinasamukira m'mwamba muno ndi manja omwewo. Munthu amatapa mchenga m'kachitini pochokera kumsika, n'kukwera nawo, n'kukwecha mapoto musinki, n'kutsegula mpopi. Kwa iye mchengawo wapita basi. Koma panjira umakumana ndi mafuta ozizira, n'kukagona m'kadzenje muja utalimba ngati dothi loumbira.

Loweruka lililonse, kwa zaka zisanu ndi zinayi, Mayi a Pansi ankakanula chivundikirocho ndi chitsulo chopindika chimene amuna awo ankamasulira matayala. Ankagwada pachiguduli, n'kuvala jumbo kudzanja, n'kuvuula matopewo ndi chitini mpaka theka la ndowa. Kenako ankalowetsa waya wokhuthala m'paipi, n'kuthira ketulo ziwiri za madzi otentha. Palibe anawatuma, ndipo pamisonkhano yonse imene ndalembapo palibe tsiku nkhaniyi inatchulidwa. Anthu ankawaona atagwada pamenepo, n'kuwapatsa moni, ena n'kuwasiyira makiyi kuti mwana akaweruka kusukulu amupatse, ena n'kuwapempha kuti mvula ikabwera awaanulire zovala.

M'mwezi wachitatu wa chaka chino anawachita opaleshoni ya m'mimba, kuchotsa chotupa. Dokotala anawauza mosapita m'mbali kuti kwa milungu isanu ndi umodzi asawerame, asagwade, asanyamule chilichonse cholemera kuposa ketulo, apo ayi ulusi udzaduka ndipo adzabwerera patebulo pomwepo. Mwana wawo anabwera kudzawadwazika mlungu woyamba, koma anali atasiya khanda ndi apongozi, anabwerera.

Mlungu womwewo a Wapampando a komiti anandiitana. Ndi bambo waulemu, wogwira ntchito kubanki, wokonda zinthu zolembedwa. Anati kwabwera mabanja awiri atsopano, choncho ndilembe tsamba limodzi la malangizo a kakhalidwe kabwino m'nyumba yosanjikizana, tikalimate patsinde pa masitepe. Ndinaona kuti mwayi ndi womwewu. Ndinatsika ndi kope kwa Mayi a Pansi, ndinawapeza atakhala pampando, pilo ali pamimba, ndipo ndinawafunsa zimene munthu ayenera kudziwa kuti akhale bwino ndi anzake muno.

Sanaganize nthawi yaitali. Anati mafuta otsala m'poto munthu aziyamba wawapukuta ndi pepala asanathire madzi. Anati pabowo la sinki paziikidwa kasefa, ngakhale kachitini koboola ndi msomali kamagwira ntchito. Wofuna kukwecha ndi mchenga akwechere m'beseni, adikire mchenga udikhe, madzi okha ndiwo athire musinki, mchengawo atsike nawo. Anati zovala azizifinya kwambiri asanayanike pakhonde, chifukwa wa pamwamba akamachapa wa pansi amachapanso osafuna. Miyendo ya mipando aziikhomera timphira ta masilipasi akutha. Potsiriza anati, motsitsa mawu, kadzenje kaja kamafuna munthu Loweruka lililonse, ndipo kakadumphidwa Loweruka limodzi lokha, madzi sachedwa kulowa kwawo.

Msonkhano unachitika Lamlungu masana, titakhala m'masitepe. Ndinawerenga zonse, ndipo pamapeto ndinapempha kuti tipangane zosinthana pa kadzenjeko, khomo lililonse Loweruka lake. A Wapampando anayamikira kwambiri, nati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Kenako anafunsa kuti kodi amene amagwiritsa ntchito mchenga ndani, kuti tiyambire pamenepo. Onse anayang'ana pansi. Mayi a pansanjika yachinayi, amene timawatcha a Mapoto chifukwa mapoto awo akawayanika pakhonde amathobwa m'maso, anati iwo anasiya mchenga kalekale, kuwalako ndi kwa sopo ndi mphamvu za manja. Bambo wina anati mkazi wake sadziwa n'komwe kumene mchenga umapezeka. Anthu anaseka, nkhani n'kutembenukira kwa amene amaimika galimoto potchinga anzake, ndipo inakhala kumeneko ola lathunthu.

Pobalalika a Wapampando anatenga pepala langa n'kulikonza ndi cholembera chofiira. Za mchenga anafufuta, ati zikhala ngati tikuloza anthu chala. Za kusinthana anati tidzakambirana msonkhano wotsatira. M'malo mwake anaonjezera kuti tisamayanike zovala zam'kati kukhonde lakumaso, ndiponso kuti tizipatsana moni m'masitepe.

Loweruka loyamba ndi lachiwiri ndinavuula ndine. Mayi a Pansi anakhala pampando pakhomo la khitchini n'kumandiuza polowetsa chitsulo ndi popinda waya. Fungo lake linandikhala m'zikhadabo mpaka Lolemba. Loweruka lachitatu ndinali kumaliro a alamu anga. Ndisananyamuke ndinakagogoda kwa a Wapampando n'kuwafotokozera zonse. Anati ndipite ndi mtima umodzi, aona chochita. Ndinabwerako Lachiwiri madzulo nditatopa, ndipo sindinazungulire kuseri kukaona. Mlandu umenewo ndi wanga.

Lachitatu m'mawa, nthawi imene nyumba yonse imatsuka makapu a tiyi, ndinatsika kupita kuntchito n'kupeza patsinde pa masitepe pali madzi otuwa, mafuta akuyandama pamwamba, masamba a tiyi ndi timakoko ta anyezi tikuzungulira. Ankatuluka pakhomo lakumaso la Mayi a Pansi, limene linali lotsegula. Ndinavula nsapato n'kulowa. Ndinawapeza atakhala pampando pakati pa balaza, mapazi atawasanjika pakatebulo. Madzi anali atadzaza khitchini, atanyowetsa thumba la ufa ndi kunsi kwa kabati imene amuna awo anakhoma okha. Iwo anali atakankha chiguduli ndi tsache n'kutchinga chitseko chakuseri, kuti madziwo asatulukire kumene palibe owaona, adutse m'nyumba mpaka pamene tonse timaponda.

Ndinafunsa kumene kunali chitsulo chija. Anandigwira mkono.

"Siyani, asisi. Chitsulocho ndinachigwira kale m'mawa uno, ndinafika nacho mpaka pachivundikiro. Kenako ndinamva ulusi ukukoka apa. Ndiye ndinati ayi, kabati ivunde, mimbayi ndi imodzi."

Maso awo anali pakabatipo, koma sanasunthe.

A Wapampando anatsika atavala nsapato zopolisha, chikwama chili m'manja. Anaima pasitepe yomaliza, kumbuyo kwawo kutaunjikana ana a yunifolomu ndi makolo awo. Anasuzumira pakhomo n'kunena mwaulemu wawo wonse kuti pepani mayi, koma madzi anu akutulukira panjira ya anthu.

"Si anga, bambo," anatero Mayi a Pansi. "Ine chidwalire ndikudya zondipatsa anzanga, sinki yanga ndi youma. Awa ndi anu, angodzera kwanga. Yang'anani bwino, mwina muzindikira tiyi wanu."

Palibe anaseka mokweza, koma ndinaona akazi angapo akubisa pakamwa. A Wapampando anapinda buluku n'kuzungulira kuseri. Analimbana ndi chivundikiro ndi manja mpaka thukuta linadontha pataye, osadziwa kuti chimafuna chitsulo, ndipo ine sindinafulumire kuwauza. Pamapeto pake anaimbira pulambala. Ana anawolotsedwa pamsana, a Mapoto anadutsa atanyamula nsapato m'manja akung'ung'udza kuti anthu ena ndi auve.

Pulambala anafika cha m'ma teni. Paipi inali itatsekeka mpaka m'kati, moti anagwira ntchito mpaka masana. Anatulutsa ndowa zitatu za mchenga n'kuzindandalika pabwalo, nafunsa ngati m'mwambamo muli mtsinje, chifukwa mchenga wotere iye akhoza kupulasitira nawo chipinda. Atamva kuti ntchitoyi inkagwiridwa ndi mayi mmodzi zaka zonsezi, anawayang'ana Mayi a Pansi n'kupukusa mutu. Ine sindinapite kuntchito tsiku limenelo. Tinakolopa ndi akazi a Wapampando, amene anatsika mwakachetechete ndi ndowa yawo amuna awo atangochoka. Ufa tinataya. Matabwa a kunsi kwa kabati anafufuma, chitseko chake chimodzi sichitsekekanso.

Msonkhano wadzidzidzi unavomereza zosinthana mosavuta. A Wapampando anajambula okha mizere ndi rula, n'kulemba eni makomo motsatana, iwo eni pamwamba kuti apereke chitsanzo. Mwa mayina khumi ndi limodziwo, asanu ndi atatu ndi a abambo. Pansi pake anaonjezera langizo latsopano, lakuti okhala pansi azidziwitsa komiti msanga akaona vuto la madzi. Za mchenga sizinalembedwebe.

Loweruka la a Wapampando kunatsika akazi awo okha, atamanga chitenje pamwamba pa diresi. Anati bambo ali ndi msonkhano wa kutchalitchi. Loweruka la bambo wa galimoto lotchinga lija kunatsika mlongo wake amene amamusungira ana. Mpaka pano sindinaone bambo aliyense atagwada pachiguduli chija, koma pepalalo likati "zachitika" chizindikirocho chimakhala pambali pa dzina la bambo. A Mapoto anagwira Loweruka lawo atavala magolovesi ofika m'zigongono, ndipo Lolemba lake ndinakumana nawo m'masitepe ali ndi kachitini kokutira ndi jumbo. Tinapatsana moni monga mwa malangizo.

Milungu isanu ndi umodzi itakwana ndinawaperekeza Mayi a Pansi kuchipatala. Dokotala anapima bala, analidina uku ndi uku, nati lapola bwino kwambiri, ulusi wagwira, akhoza kuyambanso ntchito zawo zonse pang'onopang'ono. Potuluka ankayenda mowongoka, anakananso kuti ndiwanyamulire chikwama. M'minibasi anandiuza kuti akufuna kupeza kalipentala woti adule matabwa ofufuma aja, koma kabatiyo ikhale yomweyo.

Titatsika n'kuyandikira geti la nyumba yathu, tinaona akazi a Wapampando ndi a Mapoto ali pakhonde. Mayi a Pansi anachepetsa liwiro, anandipatsa chikwama chija, n'kuika dzanja pamimba.

"Akakufunsani, muwauze kuti dokotala wati bala likuvutabe."

Ndinafunsa kuti livuta mpaka liti.

"Mpaka tione bondo la bambo mmodzi pachiguduli. Ndigwireni mkono, asisi, akutiyang'ana."