Ndodo Yovala Nsapato

A Fernand Lecuyer ali ndi zaka 81, akazi awo anamwalira, ndipo ntchito yophika buledi anaisiya kalekale. Amakhala okha kuseri kwa mpanda wa nyumba yachifumu, kumene mafumu aakulu a France ankadzagona akabwera kudzasaka nyama. Moyo wawo wonse ankatula buledi kukhomo la antchito n'kubwerera. M'kati anali asanalowemo.

Nyengo yozizira anaterereka pa madzi oundana, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Potuluka m'chipatala anapeza mwana wawo Maryse atawapezera kale malo kunyumba yosungira okalamba.

"Ababa, simungakhalenso nokha. Kuchoka pabedi kufika pakhomo mukupumira kawiri."

"Ndithamangire chiyani? Khomolo likuthawa?"

"Mwayambatu makani."

"Chipinda chachitali kuposa zonse m'dera lino n'chiti?"

"Cha madansi chija, kunyumba yachifumu."

"Ndikachiyenda ndekha mpaka kumapeto, undisiye m'nyumba mwanga. Ndikagwa, ukanditule kumene ukufunako."

Maryse anavomera, poganiza kuti akungolankhula. Lamlungu anawapeza atakhala pakhomo, atavala jekete ndi tayi.

Pansi pa chipinda cha madansi ndi pa matabwa akale opakidwa phula. Aliyense wolowa amavala nsapato zansalu pamwamba pa zake kuti asakande matabwawo, ndipo nsapatozo zimaterera. Atafika kumeneko anapeza mlonda wake, Gaspard, bambo wamimba yaikulu, amene ali mwana ankawabera a Lecuyer makeke pawindo.

"Agogo, ndodo yanuyo ili ndi chitsulo kunsonga, siilowa. Njinga ya olumala ilipo, ndikukankhani ndine."

"Ukwerepo wekha, wakuba makeke iwe. Mimba imeneyo ndinaiyamba ndine."

"Lamulo si langa, agogo."

"Likuti chiyani lamulolo?"

"Chilichonse choponda pansi chivale nsapato."

"Ndiye bweretsa zitatu."

Gaspard anakanda m'mutu, n'kubweretsa zitatu. A Lecuyer anavula tayi, anamangira nsapato yachitatu kunsonga kwa ndodo, n'kuyamba ulendo.

Alendo ena anali khosi m'mwamba, kudabwa ndi golide wa kudenga. A Lecuyer maso anali pansi. Ankakhwekhwereza phazi, kenaka ndodo, kenaka phazi linalo. Atafika pakati, ndodo inatsetsereka, thupi lonse n'kupendekera kumanzere. Maryse anatambasula manja.

"Usandikhudze! Ukandigwira ndiye kuti ndagwa."

Maryse anabweza manja. Bambo ake anaima chopendekeka choncho, thukuta likutsikira m'kolala. Anakoka ndodo pang'onopang'ono mpaka inabwerera pafupi ndi phazi. Anawongoka. Anapitiriza.

Kumapeto kwa chipindacho kuli mpando wa mfumu, wotchingidwa ndi chingwe chofiira. Atafika, anagwira chingwecho ndi manja onse awiri.

"Chimenecho sagwira, agogo!" anakuwa Gaspard.

"Bwera undimange. Ubwere ndi njinga yako ija."

"Mwaiona bwanji tsopano njingayo?" anafunsa Maryse, akupukuta m'maso.

"Tinapangana zopita. Zobwerera sitinapangane."

Potuluka, Gaspard akuwakankha, anawafunsa kuti nyumba ya mafumu aiona bwanji.

"Matabwa ndi abwino," anatero.

Malo aja kunyumba ya okalamba anapatsidwa munthu wina. Maryse anapeza mayi woti azibwera m'mawa kudzawathandiza bambo ake kusamba, ndipo mayiyo ndi bambowo amakangana tsiku lililonse. A Lecuyer akadali m'nyumba mwawo. Denga lagolide lija sanalionebe.