Nthochi Zanga Zinapsela pa Kacholola

Ine ndinabeleka ana asanu ndi awili, ndipo onse ndinawaveka mwa njila imodzi. Malaya atsopano anali a wamkulu. Akamuthina anali kupita kwa mng'ono wake, kenako kwa winayo, mpaka wotsiliza kulandila kolala ndi mabatani. Palibe amene anafa nazo. Ndiye pamene amuna anga anapuma nchito ya boma, nagula vaneti, nayamba kuiveka matayala mwa njila yomweyo, ndinathokoza Mulungu kuti anandipatsa munthu wanzelu.

Lamulo lawo linali lotele. Tayala latsopano lipita kutsogolo. La kutsogolo likayamba dazi libwelela kumbuyo. La kumbuyo likatopa lipita ku thilela, kangolo kachitsulo kamene vaneti imakoka. Likakanika ndi kumeneko, ndiye sipeya. Pakhomo pathu tayala silinali kupuma nchito, linali kungosamutsidwa ngati aphunzitsi.

Chaka chimenecho dimba langa, kufupi ndi Nyimba, linabeleka nthochi zoopsa. Zaka zonse ndinali kugulitsa kwa azimai a ku Lusaka obwela ndi malole, aja okuuza mtengo maso ali pa foni. Ulendo uno ndinakana. Ndinati nthochi izi ndizipelekeza ndekha ku msika wa ku Lusaka, ndikaone kumene zimathela, pakuti mzinda umenewo ndinali kungoumva kwa anthu. Ndinasoketsa ndi dilesi yomwe.

Bambo a ana anga anapita ku Petauke nabwela ndi matayala awili a salaula, ogwilapo kale nchito kwina, koma akuda bii, mano ake akuya.

“Amai, taonani mano awa! Ng'ombe ya mano otele mungaisiye pa msika?”

Woyendetsa pa ulendowo anali mkamwini wathu, mwamuna wa mwana wanga woyamba, amene anayendetsapo malole zaka zambili. Ananjuta, nawelenga zolembedwa m'mbali mwa tayala, natsokomola. Kwathu mkamwini sauza apongozi ake kuti mwalakwa. Amatsokomola.

“Ndi abwino ndithu, bambo,” anatelo maso ali pansi. “Kungoti mtundu uwu ndi wa kamotoka konyamula bwana ndi chikwama chake. Onyamula katundu amawalemba LT m'mbalimu, khungu lake n'lokhuthala. Koma poti tagula kale, kapena tingawaike kumbuyo, kumene kuli mtolo?”

“Atsopano kumbuyo?” anatelo bambo. “Apongozi, munaonapo jekete yatsopano ivalidwa ndi mng'ono, mkulu alipo?”

Ine ndinaseka kuposa onse, poti fanizolo linali langa. Mkamwini anakadandaula kwa mkazi wake, mkazi wake anabwela kwa ine, ine ndinati nkhaniyo ndiika m'pemphelo. Ndinaiikadi. Kwa bambo sindinaifikitse.

Loweluka m'mawa tinapakila. Mikoko ya nthochi yosapsa inadzaza vaneti mpaka pamwamba, thilela nayo chimodzimodzi, zonse tinafunda ndi tenti. Kumbuyo kwa motoka kunakhala pansi ngati galu wopempha, mphuno m'mwamba. Bambo anazungulila ndi kamtengo ka machisi, kuchotsako mpweya pang'ono m'tayala lililonse.

“Ndi Okutobala uno, tala yatentha. Tayala lokhuta limaphulika.”

Mkamwini anayang'ana kumwamba, ngati kuli mvula.

Tisananyamuke ndinapemphela. Ndinatchula woyendetsa, injini, mabuleki, apolisi a pamseu, mbuzi zodumpha mseu mosaona. Matayala sindinawatchule. Ndinali kuona mano awo kutsogoloko, n'kuganiza kuti Ambuye ali ndi zambili zoti ayang'ane.

Titatsala pang'ono kufika pa Kacholola, pa chitsikilo china, kunamveka phuu! Thilela inayamba kuvina kumbuyoko, uku ndi uku, n'kumaikoka motoka yonse. Ndinangoti “Yesu!” Mkamwini anagwila chiwongolelo ndi manja onse, osaponda buleki mwaukali, mpaka tinakaima mu udzu. Tonse atatu amoyo, opanda ndi chilonda chomwe. Mpaka lelo ndikakumbuka phompho linali kumanzele kuja, ndimagwada.

Tayala la kumbuyo kwa vaneti linali litang'ambika, mawaya ali panja ngati tsitsi la munthu wongodzuka, lotentha losagwilika. Tinaika sipeya, wosalala ngati phazi la khanda. Anayesetsa wokalambayo. Anatifikitsa pa masitolo a pa Kacholola, nausa moyo, nagona.

Pamenepo pali bambo wina womata matayala pansi pa mtengo. Iyeyo sanakwatile mwana wathu, choncho pakamwa pake panali potseguka. Anazungulila motoka kamodzi.

“Anaveka motokayi ndani?”

Maso anga anathawila kwa amuna anga.

“Amdala, nkhalamba mwazisenzetsa katundu, anyamata mwawakhazika kutsogolo aziona malo! Thilela ikakhala yodzaza imakanikiza kumbuyo kuno. Taonani ili, m'mbali monse mwadyeka, pakati mano akalipo. Ndi njala imeneyo. Tayala lopelewela mpweya limapindika, likapindika limatentha, likatentha mwamva nokha. Ndi ming'alu iyi, simunaione?”

Bambo anagwila chibwano. “Ndinali kuganiza zomwezo.”

“Inde bambo,” anatelo mkamwini, “munanenapo.”

Matayala oyenela panalibe pa Kacholola. Bambo anakwela basi kubwelela ku Petauke, napeza sitolo yatseka, mawa lake Sondo. Ine ndi mkamwini tinatsala kulonda katundu, iye ku mbali iyi ya motoka, ine ku mbali inayo, monga mwa ulemu. Dzuwa linali kuphika tenti. Sondo m'mawa ndinamva kafungo kokoma. Nditavundukula, nthochi zonse zinali chikasu, kuyambila pamwamba mpaka pansi. Nthochi yakupsa siyenda mtunda, imafika phala.

Azimai ogulitsa pamsewupo anabwela kudzaona, manja m'chiuno.

“Amai, mwabweletsa nthochi ku Kacholola? Ife mwationa tilibe?”

Anaseka mpaka misozi, koma Mulungu ali ndi anthu ake paliponse. Mmodzi anandibweleka beseni, wina nkhata, nandiphunzitsa kuthamangila basi isanaime bwino ndi kukweza beseni pa windo. Masiku awili ndinathamanga pa tala mu dilesi yanga ya ku Lusaka, mai wa zidzukulu, kukuwa “Nthochi, nthochi zotsekemela!” Zina ndinapeleka ku chalichi cha pafupi, zina kwa bambo womata uja. Zofewa kwambili mbuzi za pa Kacholola zinandithandiza, sizinafunse ndi mtengo womwe.

Lolemba masana bambo anatsika basi ndi matayala awili olemela, zilembo zija zili m'mbali. Mkamwini anawalandila ndi manja awili.

“Tiike kuti, bambo?”

“Kumbuyo, nanga kuti? Mufunsa ngati simudziwa motoka, apongozi.”

Anawaika, napopa mpweya wokwana, bambo ali chiimile osakhudza machisi. Motoka inaima bwino, yokonzeka kukoka mtolo uliwonse mpaka ku Lusaka. Kumbuyo kunali tenti ndi makoko. Tinatembenuka kubwelela ku Nyimba, thilela ikulila yopanda kanthu.

Ku Lusaka sindinafikebe. Nthochi zanga ndizo zinafika, m'mimba mwa anthu a m'basi.