Lumo laling'ono ndi malambe

Mundikhululukire anzanga polemba izi, pakuti sukulu yanga ndi ya kumudzi ndipo kulankhula pagulu sindinazolowere. Koma nkhani ya malumo a bambo anga imandibwerera kawirikawiri, ndiye ndati ndiilembe momwe ndikuikumbukirira.

Kwathu ndi pakati pa Mua ndi Golomoti. Bambo ankalima mpunga ku Bwanje, ndipo anali munthu waukhondo kwambiri. Loweruka lililonse ankakhala pakhonde ndi kalilole wong'aluka pakona, beseni la madzi ofunda ndi sopo, n'kumeta ndevu. Anali ndi malumo awiri opinda amene agogo anabwera nawo kuchokera ku Joni. Lalikulu linali lotambalala ngati chala chachikulu, lolemera, la nsonga yakuthwa. Laling'ono linali lowonda, la nsonga yobulungira. Bambo ankakonda lalikulu. Akamalinola pa lamba wachikopa amene ankamumangirira pa nsanamira, ife ana tinkadziwa kuti mawa ndi kutchalitchi.

Chaka china, nthawi yokolola mpunga, bambo anagwa m'munda. Pobwera kuchipatala dzanja lamanja linali lofooka, tsaya la mbali yomweyo litagwa, ndipo mawu ankatuluka amodziamodzi. Ndevu zinakula, zoyera kusakanikirana ndi zakuda. Alendo akati odi, bambo ankakokera mwendo wawo kuchipinda n'kutseka chitseko. Amayi anayesa kuwameta ndi lezala la kugolosale, koma linkangokoka ndevu, ndipo bambo anakankha dzanja lawo. Zokameta ku Golomoti anakaniratu, poti sankafuna kuti anthu a pamsika awaone.

Vuto linali lakuti ukwati wa achemwali anga, a Agnesi, ndi a Yohane unali utayandikira. Bambo anati sapita. Achemwali anayankha akusesa pabwalo, osakweza n'komwe mutu: "Ngati bambo sapita, inenso sindipita. A Yohane akadzikwatire okha." Tinaseka, koma tonse tinkadziwa kuti sakucheza.

Ine ndinali mwana wamanyazi, wofunitsitsa kusangalatsa aliyense. Loweruka lina ndinafunditsa madzi, ndinagwada pafupi ndi bambo n'kupempha kuti ndiwamete. Anagwedeza mutu kuvomera. Ndinasankha lumo lalikulu, poganiza kuti akaona lomwe ankalikonda akondwera. Linandilemera m'dzanja. Pa tsaya lamanzere linayenda bwino ndithu, koma nditafika pa khwinya la tsaya lakugwalo, nsonga inalowa. Thovu loyera linasanduka lofiira. Chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti bambo anangokhala phee, chifukwa mbali imeneyo sankamva kanthu.

"Iwe Lukasi, ukumeta kapena ukusenda mbuzi?" anatero amayi atatulukira. Anandilanda malumo onse awiri n'kukawabisa. Ine misozi inali mbwembwembwe. Bambo anagwira tsaya ndi dzanja lamanzere, anayang'ana magaziwo, kenako ananena mawu awiri okha. "Laling'ono." Analoza mtengo wa mlambe umene unali kuseri kwa khola. "Malambe."

Amene munakulira kuno mukudziwa kuti chipatso cha mlambe chili ndi ubweya wofewa pa chikamba chake. Amayi anavomera kundipatsa lumo laling'ono, koma la malambe okha. Ndikaweruka kusukulu ndinkagenda malambe, n'kukhala pansi pa mtengo, kuwapaka sopo ndi kuwameta. Ubweya wake unkandiyabwa m'manja, ndipo fungo la sopo linkasakanikirana ndi la khola. Achemwali akamadutsa ndi ndowa ankati, "Ameti, makasitomala anuwo sadandaula eti?"

Pang'onopang'ono dzanja langa linayamba kuzolowera. Ndinazindikira kuti lumo lalikulu limayenda ndi kulemera kwake, ndipo limafuna dzanja lozolowera ndi tsaya losalala. Laling'ono limakulola kuona pamene ukupita, limalowa m'makwinya ndi pansi pa mphuno, ndipo nsonga yake siboola. Ndinaphunziranso kuligoneka pafupifupi chogona, osaliimika ngati khasu. Madzulo ndinkapereka malambe kwa bambo, iwo n'kumawasisita ndi chala. Akapeza chipsera ankandibwezera, ndipo tinkaswa n'kudya. Chaka chimenecho tinamwa phala la malambe mpaka mano kuyayamira.

Tsiku lina anasisita limodzi mozungulira konse, osapeza kanthu. Sanandibwezere. Anaitana amayi n'kuwapatsa m'manja. Amayi analitembenuzatembenuza, kenako anati, "Chabwino, koma ine ndikhala pompo."

M'mawa wa tsiku la ukwati ndinanola lumo laling'ono pa lamba uja. Ndinayamba ndadula ndevu ndi sizasi, kenako ndinafunditsa nkhope ya bambo ndi nsalu yonyowa. Amayi anaima kumbuyo kwanga atagwira m'chiuno. Nditafika pa tsaya lija ndinakoka khungu ndi zala ziwiri, ndinaletsa mpweya, n'kutsitsa lumo pang'onopang'ono. Thovu linakhala loyera mpaka kumapeto. Bambo anatenga kalilole, anadziyang'ana uku ndi uku. Tsaya linali lakugwa ndithu, koma nkhope inali yawo ija ya Loweruka. Anatembenukira kwa amayi n'kunena kuti, "Jekete."

Tinawakweza pa ngolo ya ng'ombe ya oyandikana nawo. Kutchalitchi anakhala kutsogolo, ndipo anthu anabwera kudzawapatsa moni pa dzanja lamanzere. Achemwali atawaona analira mpaka ufa wa kumaso unachoka.

Masiku ano ku Golomoti kuli nyumba zometera zambiri, za makina oyendera sola, ndipo anyamata akaona lumo lopinda amayesa mpeni wa nsomba. Inenso tsitsi langa ndimametetsa komweko. Koma bambo, amene tsopano amayenda ndi ndodo mpaka kumsika, amandidikirabe pakhonde Loweruka, ndipo mwana wanga wayamba kale kutola malambe. Lumo lalikulu likadali m'bokosi, ndipo sindikulifulumirira. Kubisala kuchipinda kuja kunathera pa tsiku la ukwati wa achemwali, Loweruka lomaliza la mwezi wa Okotobala, chaka chimene ndinalowa Sitandade 8.