Khosi la Abambo

Fungo la mankhwala otikitira amene ndapaka m'mawa uno landibwezera kwathu ku Zengeza 4, ndili kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri.

Lamulungu lina mlaliki anawerenga Yeremiya: anthu anaumitsa khosi, osamvera Mulungu, mpaka adani anawatengera ku Babulo. Lolemba abambo anadzuka khosi litauma, akutembenuka thupi lonse ngati thabwa. Amayi anawatikita, koma silinafewe. Lole ya kuntchito kwawo italiza hutala pageti, ndinadziwa kuti Ababulo afika.

Ndinathamanga osavala nsapato n'kukaima kutsogolo kwa loleyo, manja nditatambasula.

"Simuwatenga! Alapa!"

"Ko, mwana uyu aita sei?" anafunsa dalaivala m'Chishona, pofuna kudziwa chimene chandichitikira.

Nditafotokoza uku ndikulira, amuna onse m'lole anaseka. Abambo okha sanaseke. Anagwada pafumbi kuti tiyang'anane, popeza kuwerama sakanatha.

"Mwanangu, chaumitsa khosili ndi matumba a simenti. Mulungu ndimamumvera. Koma iwe waima ngati mneneri."

Anakwera lole n'kupita. Matumba amenewo ndiwo anatiphunzitsa sukulu tonse asanu, ndipo khosi lija sindinalionepo likuweramira munthu. Linkawerama popemphera pokha.